Pansi pa Lilime

Amayi atadwala khansa ya m'mafupa
namwino anabwera ndi kabotolo ka mofini,
nandiphunzitsa kudontheza pansi pa lilime lawo.
Usiku umenewo, koyamba m'miyezi itatu,
anagona osakukuta mano.
Kutacha anapempha khofi ndi wailesi.
Ndiye musandiuze kuti mankhwalawa ndi mfiti,
ndinawaona ndi maso angawa akuchita chifundo.

Koma Lonnie, mlongo wanga,
anaterereka padenga la tchalitchi ku Logan,
kuno kumapiri a West Virginia,
malata atakutidwa ndi madzi oundana.
Msana unalira ngati nkhuni youma.
Dokotala analemba kapepala, maso ali pa wotchi:
mbulu umodzi m'mawa, wina pogona, masiku khumi.
Masiku khumi anabala mwezi,
mwezi unabala chaka.

Msana unapola, iye mwini ankavomera,
koma thupi linali litaphunzira njala ina.
Akaphonya tsiku, thukuta kamukamu pakati pa chisanu,
kuyasamula kosatha, m'mimba mwadzadza njoka,
miyendo kupalasa pabedi njinga yosaoneka.
Dokotala atatseka cholembera chake
panapezeka mnyamata kuseri kwa malo omwetsera mafuta
wogulitsa mibulu yabuluu,
chidindo chomwecho, maonekedwe omwewo,
koma zimene anasakanizamo
ngakhale wogulitsayo sankazidziwa.

Lonnie anagulitsa makwerero ake.
Anagulitsa macheka, kenako galimoto.
Mphete ya amayi inasowa Lachinayi lina,
tonse tinayamba kusuzumira kunsi kwa mipando,
iyenso anagwada kusaka nafe.
Izi ndiye sindinazikhululukebe bwinobwino.

Ine ndimayendetsa basi ya sukulu.
M'kabokosi ka kutsogolo,
momwe ndimaponya magolovesi oiwalidwa ndi ana,
lakumanzere lopanda mnzake, lofiira long'ambika chala,
ndimasungamo mankhwala opopera m'mphuno
aja odzutsa munthu mpweya ukamathawa.
Ena ali m'chikwama. Ena pamwamba pa firiji.

Mu Febuluwale ndinamupeza m'bafa,
mutu utatsamira mphika wa chimbudzi,
milomo yachita bii, akuliza mkonono wachilendo.
Pambali pake botolo la mowa
ndi mapilitsi ogonetsa a Charlene, mkazi wake wakale.
Zitatuzi zikakumana, anandiuza namwino,
chifuwa chimaiwala ntchito yake.
Ndinapopera. Ndinaimbira ambulansi.
Ndinamupumira m'kamwa ndikuwerenga,
ndikulira, ndikusokoneza chiwerengero,
ndinapoperanso mphuno inayo.
Anatsegula maso nanditukwana.
Chibadwire sindinamve chitukwano
chokoma ngati chimenecho.

Lero ndi miyezi isanu ndi inayi.
Kuchipatala amamupatsa mankhwala ena,
kachinthu kopyapyala kosungunuka pansi pa lilime,
pomwe paja ndinkadontheza kwa amayi.
A Faye a kukwaya akuti wangosintha unyolo.
Ndimawayankha mumtima:
unyolo umenewu umamulola kufika pantchito nthawi yake,
kugula nsapato za mwana wake,
kudandaula za msonkho ngati munthu wina aliyense.
Padenga sakweranso. Amayala matailosi pansi,
mawondo ake ndiwo akulira tsopano,
ndipo amamwa panado basi, atawerenga kaye kapepala.

Sindinena kuti zatha.
Mnzake Dwayne tinamuika mu Julayi,
atakhala chaka chathunthu osalawa,
tsiku limodzi anamwa mlingo wake wakale,
thupi linali litauiwala.

Lamulungu masana Lonnie amabwera kudzadya,
kenako amagona pasofa, nsapato osavula.
Ine ndimatsuka mbale madzi nditachepetsa.
Sitima ya malasha ikamadutsa m'chigwa,
mabogi zana, mazenera kunjenjemera,
ndimaima chiimire, manja ali thovu,
kudikira kuti phokoso lithe,
ndimve ngati akupumabe.